Ŵ wothyoka mwendo: mmene ndimakonzera zilembo za patsamba la pa intaneti

Mu June chaka chatha, chiperoni chitakuta phiri lonse, amayi ena amene ali ndi nyumba yogona alendo m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe anandiimbira foni m'mamawa. "Achimwene, tabwerani mudzaone. Malaŵi wathu wathyoka mwendo." Ndinaganiza kuti akunena za galu. Nditafika, njinga yamoto itandipepetsa mphepo kuchokera ku Matawale mpaka makutu kuuma, anandipatsa foni yawo osanena kanthu.

Pamwamba pa tsamba lawo panali mawu akuti "Takulandirani ku Zomba, Malaŵi", olembedwa ndi zilembo zopyapyala zopendekeka ngati za pa khadi la ukwati. Zonse zinali bwino kupatula ŵ yekha. Iye anali wonenepa, wowongoka, wakuda bii, ngati mwana amene wavala yunifolomu ya sukulu ina n'kuima pamzere wa anzake. Atanditsegulira tsamba lomwelo pa laputopu yakale ya pamalo olandirira alendo, zilembo zing'onozing'ono zinali zotuwa moti ndinachita kuyandikitsa mphuno. Ndipo nthawi iliyonse tikatsegula pa foni, zithunzi zinkabwera koma mawu ayi: malo oyera mbee kwa masekondi atatu, kenako zilembo n'kutulukira.

Tsambalo anawapangira mwana wa achemwali awo amene amakhala ku Cape Town, ndipo sindikumunyoza, anagwira ntchito yokongola. Kungoti ankaiona pa MacBook yake, pa intaneti yosadukiza. Matenda anali atatu osiyana, ndipo mnyamatayo anayesa kuwachiza onse ndi mzere umodzi wa CSS (malangizo a maonekedwe a tsamba), uja wa `-webkit-font-smoothing` wosalaza m'mphepete mwa zilembo, umene sunakhudze ngakhale amodzi. Ndifika pa mzere umenewo kumapeto, chifukwa kumeneko ndiko kuyenera kukhala. Zimene zimathandizadi zili patsogolo pake.

Yambani ndi kufunsa ngati fontiyo ikudziwa chilankhulo chathu

Fonti ndi fayilo yokhala ndi zithunzi za zilembo, chilembo chilichonse ndi nambala yake ya Unicode. Ŵ wamkulu nambala yake ndi U+0174, wamng'ono U+0175, ndipo onse ali m'gulu lotchedwa Latin Extended-A, kunja kwa zilembo zimene Chingerezi, Chifalansa kapena Chipwitikizi chimafuna. Wopanga fonti akakhala waulesi, kapena akangoganiza za msika wa kwawo, gulu limeneli amalisiya. Bulawuza ikafika pa chilembo chimene mulibe mu fontiyo siima ayi. Imapita pa fonti yotsatira pa mndandanda wa `font-family`, n'kubwereka chilembo chimodzi chokhacho. Ndi zimene zinachitikira amayi aja: mawu onse anali a fonti ya ukwati ija, ŵ anali wobwereka kwa fonti ya mufoni. Ikasowa kobwereka, mumaona kabokosi kopanda kanthu.

Mwayi wathu ndi wakuti Chiwelshi, chilankhulo cha ku Wales, nachonso chimagwiritsa ntchito ŵ, kotero mafonti ambiri opangidwa mosamala ali naye. Tinganene kuti timadyera pa mbale ya anthu a ku Cardiff. Ena mwa inu munena kuti masiku ano ŵ sitikumulembanso, ndipo n'zoona kuti nyuzipepala zambiri zinamusiya. Mkangano umenewo ndiusiyira a Centre for Language Studies kuno ku Zomba. Koma kasitomala akafuna Malaŵi wa kachipewa, kapena tsamba likakhala ndi gawo la Chitumbuka, kumene "ŵanthu" ndi "ŵana" ali pa mzere uliwonse, simungachitire mwina.

Ine ndisanaikonde fonti iliyonse ndimailembetsa kaye mzere uwu: "Ŵ ŵ ng'ombe m'mudzi n'chiyani K45,000". Kenako ndimatsegula DevTools, zida zoyesera tsamba zimene zili mu Chrome, kusankha mzerewo, kupita pa Computed n'kutsikira pansi penipeni pamene alemba Rendered Fonts. Pamenepo bulawuza imaulula mafonti onse amene yagwiritsa ntchito ndi chiwerengero cha zilembo zimene yatenga kwa iliyonse. Mukaona maina awiri pamene mumayembekezera limodzi, dziwani kuti pali wobwereka. Mu Firefox muli gawo lotchedwa Fonts lochita zomwezo. Maso okha asakunamizeni, chifukwa mafonti ena amafanana kwambiri ndi Arial kapena Roboto moti wobwerekayo amabisala mpaka tsiku limene kasitomala adzatsegule pa foni ina.

Pali kamsampha kena kamene kanandidyera tsiku lathunthu pa ntchito ina. Fonti inali ndi ŵ, koma pa tsamba kachipewa kankakhala pambali, ngati kagwa ndi mphepo. Zinapezeka kuti amene analemba nkhaniyo anagwiritsa ntchito zilembo ziwiri: w wamba ndi kachipewa kodziimira pakokha, U+0302. Pa Word zimaoneka chimodzimodzi, koma fonti ikapanda malangizo a pamene kachipewako kakhale, kamasochera. Mankhwala ake ndi kusintha mawu onse akhale mu mpangidwe wa NFC, umene umaphatikiza w ndi kachipewa kukhala chilembo chimodzi, musanawaike patsamba. Mu JavaScript ndi `mawu.normalize("NFC")`, kapena kungofufuza ndi kusintha pamanja ngati ndi masamba ochepa. Onaninso kuti `<meta charset="utf-8">` ilipo pamwamba, apo ayi ŵ amasanduka zilembo ziwiri zosamveka.

Kankhodolera ka mu ng', m' ndi n' nakonso kayang'aneni. Ife timakalemba kawirikawiri kuposa Angerezi, ndipo kali mitundu iwiri yofala: kowongoka ka pa kiyibodi, U+0027, ndi kopindika kamene Word imaika yokha, U+2019. Fonti yanu ikhale ndi tonse tiwiri, ndipo muone mpata umene imasiya pakati pa g ndi kankhodolerako. Mafonti ena amatalikitsa kwambiri moti "ng'ona" amaoneka ngati mawu awiri.

Za chilolezo ndinene mwachidule. Fonti imene ili mu kompyuta yanu si yanu kuti muiike pa seva. Calibri ndi Segoe UI ndi za Microsoft, zinabwera ndi Windows kapena Office kuti muzigwiritsa ntchito pamenepo. Fonti ya ukwati ija inachokera pa tsamba lina la zaulere, ndipo kafayilo kamene kanali nayo kankanena kuti ndi yogwiritsa ntchito pawekha, osati pa bizinesi. Ine ndimasankha za SIL Open Font License, zimene zimalola kuika patsamba, kusintha ndi kugawa. Werengani mzere woyamba wa chilolezocho: ngati pali mawu akuti Reserved Font Name, ndiye kuti mukaisintha fontiyo muyenera kuipatsa dzina lina. Noto Sans ndi Noto Serif za Google zili ndi ŵ, ndipo dzina lakuti Noto likuchokera ku cholinga chothetsa timabokosi topanda kanthu tija, timene amatitcha tofu. Pa tsamba la ana ophunzira kuwerenga ndimatenga Andika ya SIL, imene anaipangira ntchito yomweyo: a wake ndi uja timalemba pamanja ku Sitandade 1.

Kuika fontiyo: pa Google kapena pa seva yanu

Njira yachidule aliyense akuidziwa. Google Fonts, imene inayamba mu 2010, imakupatsani mzere umodzi woika mu `<head>` basi. Si njira yoipa, koma mudziwe zimene zimachitika kuseri. Bulawuza imalumikizana kaye ndi fonts.googleapis.com kukatenga CSS, kenako ndi fonts.gstatic.com kukatenga fontiyo. Ndi maulendo awiri opita kwa eni ena, ndipo pa netiweki ya ku Jali kapena ku Chingale ulendo uliwonse umamveka. Komanso Google imadula fonti m'zidutswa: latin, latin-ext, cyrillic, greek. Ŵ ali mu latin-ext. Tanthauzo lake n'lakuti chilembo chimodzi chokhacho chikapezeka patsamba, owerenga amatsitsa fayilo yachiwiri yodzaza ndi zilembo za Chipolishi ndi Chicheki zimene sadzaziona. Kale tinkadzitonthoza kuti munthu akatsitsa fonti pa tsamba lina imakhala yasungidwa kale akafika pa lathu. Zimenezo zinatha: kuyambira Chrome 86 mu 2020 tsamba lililonse lili ndi nkhokwe yakeyake. Ndipo ngati alendo anu ambiri ndi a ku Ulaya, monga a amayi aja, kumbukirani kuti mu January 2022 khoti la ku Munich linalipiritsa mwini tsamba wina 100 euro chifukwa chotumiza adiresi ya IP ya mlendo kwa Google kudzera m'mafonti popanda chilolezo chake.

Choncho ine ndimaika pa seva yanga, nditaidula ndekha. Chida chake ndi `pyftsubset`, chimene chimabwera ndi fonttools ya Python:

```
pip install fonttools brotli

pyftsubset NotoSans-Regular.ttf \
  --unicodes="U+0020-007E,U+00A0-00FF,U+0174-0175,U+2013-2014,U+2018-201D,U+2026,U+20AC" \
  --flavor=woff2 \
  --output-file=noto-400.woff2
```

Gulu loyambalo ndi zilembo, manambala ndi zizindikiro za pa kiyibodi. Lachiwiri ndimaliikamo dala chifukwa cha maina a alendo, a Müller ndi a João, komanso chizindikiro cha paundi. Kenako Ŵ ndi ŵ, timizere, mitengero yopindika pamodzi ndi kankhodolera kathu, timadontho titatu ndi chizindikiro cha euro. Fonti imene inali makilobayiti mazana angapo, chifukwa inanyamula Chigiriki ndi Chirasha, imatsika kufika pa makumi awiri kapena kucheperapo. Brotli ndi yofunika chifukwa WOFF2, mtundu wa fayilo ya fonti umene tikupanga apa, imapanikiza fayilo ndi njira imeneyo. Mukaiiwala, lamulolo limakana.

Musavutike ndi mitundu ina ya mafayilo. Mukaona chitsanzo chokhala ndi EOT, SVG, TTF ndi WOFF pamodzi, dziwani kuti n'chakale. EOT inali ya Internet Explorer yokha, kuyambira 1997; Safari inayamba kulandira mafonti mu 2008, Firefox mu 2009. WOFF inavomerezedwa ndi W3C, bungwe loika miyezo ya masamba a pa intaneti, mu 2012, WOFF2 mu 2018, ndipo lero bulawuza iliyonse imene ikusamalidwabe imawerenga WOFF2. Yakale kwambiri imene siingathe ingoonetsa fonti ya mufoni, palibe chimene chiwonongeke.

```
@font-face {
  font-family: "Noto Yathu";
  src: url("/mafonti/noto-400.woff2") format("woff2");
  font-weight: 400;
  font-style: normal;
  font-display: swap;
}
@font-face {
  font-family: "Noto Yathu";
  src: url("/mafonti/noto-700.woff2") format("woff2");
  font-weight: 700;
  font-style: normal;
  font-display: swap;
}
body {
  font-family: "Noto Yathu", system-ui, Roboto, Arial, sans-serif;
}
```

Taonani kuti dzina la banja ndi limodzi, chimene chikusiyana ndi `font-weight`. Cholakwa chimene ndimachipeza pa masamba ambiri amene ndimaitanidwa kukakonza n'chakuti munthu amapatsa fayilo iliyonse dzina lakelake, "Noto Bold", "Noto Regular", onse n'kuwasiya pa 400. Ndiye `<h2>` akafuna zokhuthala, bulawuza imatenga zokhuthala kalezo n'kuzipakanso mafuta pamwamba, mabowo a e ndi a n'kutsekeka. Zimachitikanso mukaika fayilo ya 400 yokha: bulawuza imanenepetsa yokha zilembo, ndipo pa zopendekeka imangozikankha ngati mpanda wa udzu wogwa ndi mphepo. Anthu ambiri akaona zilembo zoterozo amati vuto ndi kusalaza, pamene vuto ndi fayilo imene kulibe. Kuti muwagwire msanga, ikani `font-synthesis: none` pa `body` pamene mukuyesa, paliponse pamene zokhuthala zasowa, pamenepo panali zabodza.

Mnyamata wa ku Cape Town anaika mafayilo asanu ndi limodzi a TTF, pafupifupi 900 KB pamodzi. Atatu mwa iwo ankagwira ntchito pa mawu ochepa okha. Ine ndinasiya atatu: 400 ndi 700 a nkhani, ndi imodzi ya mitu. Pali mafonti osinthasintha, amene anabwera ndi OpenType 1.8 mu 2016, fayilo imodzi yokhala ndi kukhuthala konse kuyambira 100 mpaka 900. Ndi abwino ngati mukufunadi makulidwe anayi kapena asanu. Ngati ndi awiri okha, yezani kaye, chifukwa nthawi zambiri mafayilo awiri wamba amapepuka kuposa imodzi yosinthasintha.

Masekondi atatu a tsamba loyera

Mzere wa `font-display` ndi umene umanena zoti bulawuza ichite pamene fonti ikadali m'njira. Mukapanda kuulemba, mabulawuza ambiri amabisa mawu mpaka masekondi atatu akudikira. Kwa munthu wa intaneti yothamanga nthawi imeneyo siifika n'komwe. Kwa munthu amene waima pa depoti ya Zomba, bandulo ikutha, akufuna nambala ya foni ya malo ogona asanakwere minibasi, masekondi atatu a tsamba lopanda mawu ndi okwanira kubwerera n'kutsegula la wina.

`swap` imaonetsa mawu nthawi yomweyo ndi fonti ya mufoni, n'kusintha yanu ikafika, kaya ifike mochedwa bwanji. `fallback` imabisa kwa kanthawi kochepa kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, kenako n'kuonetsa ya mufoni. Yanu ikafika mkati mwa masekondi atatu imalowa, ikachedwa kuposa pamenepo idikira tsamba lotsatira. `optional` ndi yokhwima kuposa zonse: ikapanda kufika nthawi yomweyo, tsamba limenelo liwerengedwa ndi ya mufoni mpaka kumapeto, ndipo bulawuza ili ndi ufulu wosaitsitsa n'komwe ikaona kuti netiweki ndi yofooka. `block` ndi yobisa ija.

Maganizo anga ndi awa. Pa mitu ndimaika `swap`, chifukwa kasitomala walipira kuti dzina la bizinesi yake lioneke mmene akufunira. Pa nkhani zitalizitali ndimakonda `fallback`, nthawi zina `optional`. Palibe chokwiyitsa ngati kuwerenga ndime mpaka pakati kenako mizere yonse n'kudumpha chifukwa fonti yafika mochedwa, chala chimene chimapita pa "Imbani foni" n'kugwera pa chithunzi. Kudumphako kumabwera chifukwa mafonti awiriwo sali ofanana m'lifupi. Mungakuchepetse popanga fonti yodikirira yoyezedwa:

```
@font-face {
  font-family: "Yodikirira";
  src: local("Arial"), local("Roboto");
  size-adjust: 105%;
}
```

n'kuiika yachiwiri pa mndandanda wa `font-family`. Nambala ya 105 ndi chitsanzo chabe; yanu muipeza poyesa, kusinthasintha mpaka mizere ikuthera pa mawu omwewo m'mafonti onse awiri. Ngati kutalika kwa mizere kukusiyanabe, pali `ascent-override` ndi `descent-override`. Ntchito yake ndi ya theka la ola, kamodzi kokha.

Bulawuza siyamba kutsitsa fonti ikangoona `@font-face`. Imadikira iwerenge HTML, iwerenge CSS, ipeze mawu amene akufunadi fontiyo. Kuti ifulumire, iuzeni pamwamba pomwe:

```
<link rel="preload" href="/mafonti/noto-400.woff2" as="font" type="font/woff2" crossorigin>
```

Liwu lakuti `crossorigin` musalichotse, ngakhale fayiloyo ili pa seva yanu yomwe. Likasowa, bulawuza imatsitsa fontiyo kawiri, owerenga n'kulipira kawiri. Ndipo chitani zimenezi pa fayilo imodzi kapena ziwiri zofunika kwambiri. Mukathamangitsa zonse ndiye kuti palibe chimene mwathamangitsa. Pa seva ikani `Cache-Control: max-age=31536000, immutable` pa mafayilo a woff2, kuti munthu atsitse kamodzi pachaka. Mukadzasintha fonti, sinthani dzina la fayilo.

Kamsampha komaliza pa gawo lino: mafonti amatsata malamulo a CORS, oletsa tsamba kutenga fayilo ku adiresi ina popanda chilolezo. Tsamba likatsegulidwa ndi www koma CSS ikuloza ku adiresi yopanda www, bulawuza imaona ngati ndi eni awiri n'kukana fontiyo, zithunzi zonse zikubwera bwinobwino. Ndi chifukwa chake m'zitsanzo zanga njira ikuyamba ndi `/` osati ndi dzina la tsamba.

Tsopano za kusalaza

Sikirini ndi timabokosi tating'onoting'ono tondandalikana. Kulemba s pamenepo kuli ngati kumanga nyumba yozungulira ndi njerwa: m'mphepete mumatsala mano. Kusalaza ndi kubisa manowo. Njira ina ndi kupaka timabokosi ta m'mphepete utoto wotuwa, pakati pa kuda ndi kuyera. Njira ina imadyera pa mfundo yakuti kabokosi kalikonse ka sikirini ya LCD kali ndi timizere titatu, kofiira, kobiriwira ndi kabuluu, ndipo kuyatsa kamodzikamodzi kumapatsa malo atatu pamene panali amodzi. Imeneyi ndi ClearType ya Microsoft, imene mu Windows XP munkachita kuiyatsa nokha koma kuyambira Vista imabwera yoyaka. Mukajambula sikirini ya Windows n'kukulitsa kwambiri muona m'mphepete mwa zilembo zakuda muli timitundu.

Amene amasankha njira ndi makina a owerenga, osati CSS yanu. `-webkit-font-smoothing` imagwira ntchito pa macOS pokha, mu Safari ndi Chrome. Mnzake `-moz-osx-font-smoothing` dzina lake lomwe likunena: Firefox ya pa Mac. Pa Windows sizichita kanthu, pa Android sizichita kanthu, ngakhale pa iPhone sizichita kanthu. `font-smooth` wopanda chiyambi uja anangoonekera m'zolemba zoyesera za CSS kalekale n'kuchotsedwa, sali mu muyezo. Ndiye werengani anthu amene amatsegula tsamba lanu: a Tecno, a itel, a Samsung, a laputopu za HP ndi Dell zogula kaunjika. Mzere umene anthu amaukopera pa tsamba lililonse ngati chithumwa sukuwafika onsewo.

Pa Mac pomwepo, chimene `antialiased` imachita ndi kupyapyalitsa zilembo. Apple inazimitsa kusalaza kwa timizere titatu mu macOS Mojave mu 2018, masikirini ake atachuluka timabokosi moti sikunkafunikanso, komabe mzerewu umachepetsabe kukhuthala. Pamene ndimauvomera ndi pa mawu oyera okhala pa utoto wakuda, monga pa batani kapena pansi pa tsamba, chifukwa pamenepo Mac imanenepetsa zilembo mopitirira:

```
.mdima {
  -webkit-font-smoothing: antialiased;
  -moz-osx-font-smoothing: grayscale;
}
```

Kuuika pa `body` yense ndi kufooketsa nkhani yonse kwa owerenga a Mac popanda phindu kwa ena. `text-rendering: optimizeLegibility` nayonso sindiikanso, inali yothandiza pamene mabulawuza sankakonza okha mipata ya pakati pa zilembo, koma lero amachita okha.

Nanga kutuwa kwa pa laputopu ya amayi aja kunachokera kuti? Mnyamata uja anasankha kukhuthala kwa 300, kukula kwa 14px, utoto wa `#999`. Pa sikirini yake, imene ili ndi timabokosi tiwiri m'lifupi pamene yakale ili ndi kamodzi, mzere wopyapyala umakwanabe. Pa sikirini ya 1366 ndi 768 mzere womwewo sukwana ngakhale kabokosi kamodzi, ndiye makina amaupaka utoto wotuwa pamwamba pa kutuwa kumene anasankha kale. Ndinasintha zinthu zinayi: 400, 17px, `#222`, ndi `line-height` ya 1.55 chifukwa mawu athu ndi aatali ndipo mizere ikathinana diso limasochera. Malangizo a WCAG, othandiza kuti aliyense athe kugwiritsa ntchito tsamba, amati kusiyana kwa utoto wa mawu wamba ndi wa kumbuyo kusachepere 4.5 kwa 1. `#999` pa zoyera sifika ngakhale pa 3. Uku ndiko kusalaza kumene kuli m'manja mwanu.

Zina ziwiri zimene zimakhudza Windows. Choyamba, mafonti ambiri a TrueType amanyamula timalangizo totchedwa hinting, touza makina mmene angakokere mizere ya chilembo kuti igwere ndendende pa timabokosi. Mac satilabadira kwenikweni, Windows pa sikirini wamba imatidalira. `pyftsubset` ili ndi `--no-hinting` imene imachepetsa fayilo, ndipo mudzaona ena akulimbikitsa. Ine pa fonti ya nkhani sindichotsa, chifukwa maofesi a kuno adzaza ndi masikirini amene amatifuna. Pa fonti ya mitu ikuluikulu mukhoza. Chachiwiri, mukaika `opacity`, `transform` kapena `will-change` pa chinthu chokhala ndi mawu, Chrome nthawi zambiri imachijambula padera n'kusiya ClearType, n'kugwiritsa ntchito kutuwa. Mukaona mawu a pa batani akusintha kukhuthala mbewa ikafikapo, chifukwa chake n'chimenecho. Kupatsa chinthucho utoto wa kumbuyo wosaonekera mkati kumathandiza nthawi zina. Kosavuta ndi kusagwedeza mawu popanda chifukwa.

Laputopu ya amayi ija ndinaikonzanso payokha: kulemba "ClearType" pa Start, kutsegula Adjust ClearType text, n'kuwasiya asankhe okha bokosi limene akuliona bwino pa sitepe iliyonse. Anavala magalasi awo n'kuitenga ntchitoyo ngati mayeso a kuchipatala cha maso.

Poyesa, musadalire kompyuta yanu. Mu DevTools, pa Network, sankhani 3G, chongani Disable cache, n'kutsegulanso tsamba mukuyang'ana nthawi imene mawu oyamba akuoneka. Dinani Font pa zosefera kuti muone mafayilo angati abwera ndi kulemera kwake. Kenako tengani foni yotsika mtengo mutuluke nayo padzuwa. Yesaninso Opera Mini pa njira yake yosunga data kwambiri, imene siitsitsa mafonti n'komwe: mawu aoneka ndi fonti ya mufoni, zimene zili bwino, koma ngati zizindikiro zanu za foni, WhatsApp ndi mndandanda zili za fonti ngati Font Awesome, zisanduka timabokosi kapena kusowa. Zizindikiro zoterozo zikhale zithunzi za SVG. Ndipo pa masamba ena, monga a zotsatira za mayeso kapena a mitengo ya katundu, sindiika fonti ina iliyonse: `system-ui` yokha, imene pa Windows ndi Segoe UI, pa Android nthawi zambiri Roboto, pa Apple San Francisco. Onsewo ali ndi ŵ ndipo satsitsa kalikonse.

Pa mitu tinakangana pang'ono. Amayi ankafuna zilembo za ukwati zija zibwerere, ine n'kuwauza za chilolezo ndi za ŵ. Ndinawaikira mafonti anayi pa tsamba limodzi, onse atalemba "Takulandirani ku Zomba, Malaŵi", n'kuwapatsa foni. Anasankha wachitatu, amene ine sindinamukonde kwenikweni. "Uyu kachipewa kamukhala," anatero. Mafayilo atatu onse pamodzi anakwana 61 KB. Ndinatsika phiri wapansi, nditanyamula kabasiketi ka masitiroberi kamene anandigulira kwa anyamata a pamsewu, ndipo ndili pa Mulunguzi ndinatsegulanso tsambalo pa foni yanga, netiweki ili ndi timizere tiwiri: mawu anayamba kuoneka chithunzi cha phiri chisanafike.